Ndinalipira sitima, anatiyendetsa wapansi mpaka pakhomo panga

Anthu a ku Chadiza, tamvani zimene andichita a kabungwe kaja katsegula ofesi pa boma, kuseri kwa msika, kamene kamati kamayendetsa alendo kuchokera pa siteshoni ya sitima. Dzina lawo sinditchula. Akudzidziwa. Ine ndine Gidiyoni Mwale wa kwa Mlolo. Sukulu ndinalekeza msanga, ndipo ndikulemba pa gulu lathu lino la pafoni ndi chala chimodzi, koma chala chimenechi chathyola thonje moyo wonse, sichitopa. Muwerenga mpaka pansi.

Ndinalipira kuti akazi anga aNaphiri akwere sitima. Sitima sanakwere. Anayenda wapansi dzuwa lili paliwombo, ndipo pamapeto pake anagwada n'kuphikira anthu amene ndinawalipirawo. Mwamva? Ndibwereze?

Kuti mumvetse, aNaphiri anabwera kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Anabwera wapansi, mwana kumbuyo, mtolo pamutu. Mapazi awo nditawaona koyamba anali ong'ambika ngati nthaka ya m'chilimwe. Tsiku lowafunsira ndinaimirira pamaso pa abale awo, ndinanena mokweza, poti ine kunong'ona sindidziwa: "Inu mwayenda mokwanira. Mukalowa m'nyumba mwanga, tsiku lina ndidzakukwezani sitima. Mudzakhala pampando, dziko lizidzayenda lokha pawindo." Iwo anaseka. Ana akula, mano atha, mawondo awo ayamba kulira akamadzuka. Sitima ayi. Sanandikumbutsepo ngakhale kamodzi. Kusakumbutsako ndiye kumawawa.

Ndiye mwezi wathawu, nditagulitsa thonje, ndinaona chikwangwani pa boma. Chithunzi cha sitima, chachikulu, chokongola, anthu atabereka zikwama akuseka mano onse panja. Ndinalowa. M'katimo munali mayi wina pampando uja wozungulira, amene onse amamutcha Madamu. Ndinamufunsa mafunso atatu okha, ndipo ndinafunsa m'Chichewa chomveka. Loyamba: kodi sitima tikwera? Anati inde atate, mukwera pang'ono kuchokera ku Chipata, kenako mutsika n'kuyenda pang'onong'ono m'midzi kuona chilengedwe. Lachiwiri: nanga akazi anga mawondo? Anati musade nkhawa, ndi kaulendo kopepuka, ndipo kumapeto kuli chakudya chapamwamba, agogo akakhala pampando, akatumikiridwa ngati mfumukazi. Ndinafunsanso kuti midzi yake iti. Anandimwemwetera. Akuti zimenezo ndi zoti mukaone nokha, tikanena sizikomanso.

Ndinatulutsa ndalama ya thonje. Ndinagulira aNaphiri nsapato pa salaula, zakuda, zokhala ndi kabakuli, kachitsulo komangira. Ndipo poti ine si munthu wobisa zabwino, mudzi wonse unadziwa. Ndinauza a ku tchalitchi. Ndinauza a pachigayo. Ndinapita dala kukauza aSakala, mnansi wanga uja amene amati ine ndimalankhula zambiri kuposa zimene ndimakolola.

Loweruka m'mamawa ndinawakweza aNaphiri pa njinga mpaka pa boma. Ine suti ndi tayi. Iwo chitenje chatsopano, duku, nsapato zija. Minibasi inali poyembekezera. M'katimo azungu awiri, mwamuna ndi mkazi wake, ndi bambo wina wa ku Lusaka wamimba, ndi alongo ake awiri. Ndiye panalinso wotiperekeza, mnyamata wa ndevu zometa bwino dzina lake Kelivini, atavala sikipa yobiriwira ya chithunzi cha tsamba. Iyeyu amati ndi gaidi.

Njira yonse ya ku Chipata Kelivini anatiphunzitsa za utsi. Akuti magalimoto akuwononga dziko. Akuti munthu wokonda chilengedwe amakwera sitima, akatsika amayenda ndi mapazi ake. Akuti kuyenda wapansi ndi mankhwala. Amanena zimenezi tili m'minibasi imene kumbuyo kwake kumatuluka utsi woti nkhuku ya m'mbali mwa msewu imatsokomola. ANaphiri anandigunda ndi chigongono kuti ndisayankhe. Ndinati mumtima, lankhula mwana iwe, ife tabwerera sitima.

Tinafika pa siteshoni. Njanji ilipodi, sindinama. Yayenda mowongoka mpaka kumene maso athera. Udzu wamera pakati. Mbuzi ziwiri zinagona pamenepo, ndipo mmene zinagonera zimaoneka kuti sizinadzutsidwepo ndi kanthu. Kelivini anati tonse tiime pamzere pafupi ndi njanji, timwetulire, tikweze dzanja. Anajambula. Anati tibwereze poti ine ndinatseka maso. Anajambulanso. Kenako anawomba m'manja.

"Chabwino! Tiyeni tibwerere m'minibasi."

Ndinati, "Iwe, sitima?"

Anayang'ana foni yake ngati sitimayo ili m'menemo. Akuti lero yasokonekera pang'ono. Panali mlonda wina wachikulire atakhala pa benchi, ndinapita kukamupatsa moni n'kumufunsa kuti sitima ya anthu ifika nthawi yanji. Anandiyang'ana kuyambira tayi mpaka nsapato. Anati, "Achimwene, ine pano sindinakwezepo munthu. Awa amabwera Loweruka lililonse, amajambula, amapita. Ndinawauza kale."

Loweruka lililonse! Ndiye kusokonekera kwake n'kotani kumene kumabwera pa nthawi yake sabata ndi sabata?

Ndinakuwa. Sindibisa. Mbuzi zija zinadzuka koyamba m'moyo wawo. Kelivini anati ndikhazike mtima pansi, cholinga cha ulendowu si kukwera, ndi kuyambira pa siteshoni, ndiye tayambira kale. Nditatembenuka ndinaona aNaphiri atawerama pa njanji. Anaigwira ndi chikhatho, anaisisita ngati msana wa mwana. Anatola kamwala kamodzi ka pakati pa njanjipo n'kukamanga pamfundo ya chitenje. Kenako anabwera n'kundiuza chapansipansi, "AMwale, musakuwe. Alendo akutiona." Ndinasiya kukuwa. Ndinati chabwino, sitima yakanika, koma mpando ndi chakudya chija chilipo. Lero lokha mayi ameneyu akhale pansi, wina amubweretsere mbale.

Tinakwera. Minibasi inatembenuka. Inalowa msewu womwe uja tinabwerera. Ndinafunsa kuti kodi tikupita kuti. Akuti kumidzi yeniyeni ya Chadiza, kumene moyo sunasinthe. Anthu inu, ndithandizeni kuwerengera. Kuchoka ku Chadiza kupita ku Chipata ndi dizilo. Kuchoka ku Chipata kubwerera ku Chadiza ndi dizilo. Zonsezi kuti tikayambe ulendo wopanda utsi. Ine sukulu ndinalekeza msanga, mwina masamu ake ndi a m'makalasi amene sindinafike.

Anatitsitsa pamphambano ina, dzuwa litakwera kale. Minibasi inapita. Kelivini anatigawira timabotolo ta madzi ndi malamulo: osataya zinyalala, osathyola kanthu m'minda ya eni, osalowa m'nyumba za anthu. Tinayamba kuyenda.

Kaulendo kopepuka kaja. Tinatsika dambo, tinakwera kamtunda, tinatsikanso. Mzungu wamkazi uja anafiira ngati phwetekere. Bambo wa ku Lusaka anayamba kupuma ngati ng'ombe yapangolo. ANaphiri anayenda osadandaula, koma ndinamva mawondo awo akulira. Pena pake anaima, anavula nsapato zatsopano zija n'kuzinyamula m'manja. Ndinati ndiwabereke. Anati, "Ndi suti imeneyo? Tiyeni." Ndinayang'ana mapazi aja pafumbi, mapazi omwe aja ndinawalonjeza sitima.

Kelivini ndiye anali pantchito. Anaima pa chulu n'kutiuza kuti ichi ndi chulu. Anatisonyeza nkhokwe, akuti muno ndi mmene anthu akumudzi amasungamo chimanga, tijambule. Ine, Gidiyoni Mwale, ndalipira thonje langa kuti mwana wobadwa dzulo andidziwitse nkhokwe. Azungu amalemba m'mafoni. Alongo aja a ku Lusaka amati, "Eee, zokongola!"

Kenako kanjira kanakhota pa mtengo wa mpoza wopsa mbali imodzi. Ndinauyang'ana. ANaphiri anauyang'ana. Tinayang'anizana. Mtengo umenewo anautentha ndi aSakala chaka chatha posaka mbewa.

Patsogolo pang'ono Kelivini anatiimitsa m'mbali mwa munda, mapesi a thonje akadali chilili. Anatambasula dzanja. Analankhula Chizungu kwa azungu, kenako anatitembenuzira ife tonse kuti tisatsalire. Akuti mundawu ndi wa mlimi wina wachikulire, wosauka kwambiri, koma wosangalala, poti anthu a kuno safuna zambiri. Bambo wa ku Lusaka anapukusa mutu mwachisoni. Mzungu wamwamuna anajambula mapesi.

Munda umenewo ndi wanga. Thonje la m'mundamo ndi limene linagula sikipa ya Kelivini.

Ndinatseka pakamwa, ndipo amene mumandidziwa mukudziwa kuti zimenezo sizichitika kawirikawiri. Ndinaganiza kuti mwina tingodutsa chakumbali, mudzi osationa. Ha! Kanjira ka Madamu kamadutsa pakati penipeni. Ana anayamba kuthamanga kukuwa kuti azungu, azungu. Amayi a pachitsime anasiya zidebe. Ndipo pakhonde pake, atatambalala, ndani? ASakala.

Anaimirira pang'onopang'ono. Anaika dzanja pamphumi ngati akuona chinthu chakutali.

"Kodi awo si aMwale? AMwale! Mwafika bwanji msanga? Sitima mwaiimika kuti, kuseri kwa khola?"

Ndinayang'ana kutsogolo n'kupitiriza kuyenda.

"Kapena yaphwa tayala? Ndikubwerekeni pampu?"

Mudzi wonse unagwa ndi phwete. Kelivini anauza azungu kuti onani mmene anthu a kuno amakondera alendo, angoseka ndi aliyense.

Anatitsogolera mpaka pa mtengo wa mango, akuti apa ndi pamene galimoto ya chakudya itipeze, mwini mtengowu savuta. Mtengo umenewo ndinabzala ndine chaka chimene mwana wathu wachiwiri anabadwa. Uli pamphepete pa bwalo langa. Mwini wake wosavutayo sanafunsidwepo ndi munthu. Ndamva tsopano kuti Loweruka lapitalo anakhalanso pomwepo ife tili ku maliro. Galu wanga Jeki anatuluka kuseri n'kundilumphira pa suti. Kelivini anati, "Atate samalani, agalu akumudzi amaluma."

Tinakhala. Tinadikira. Mthunzi unasuntha, ife tinasuntha nawo. Galimoto ya chakudya kulibe. Kelivini anakwera pa chulu kusaka netiweki. Anatsika nkhope itagwa. Akuti pachitika kavuto kakang'ono, ndalama ya mafuta yathera paulendo wa ku Chipata, ndiye galimoto ya chakudya siinyamuka, koma minibasi ibwera madzulo. Akuti pakadali pano tipume, timve kamphepo ka chilengedwe.

Madzi a m'mabotolo anali atatha. Mzungu wamkazi anagona chagada pa udzu, chipewa kumaso. Bambo wa ku Lusaka ananena kuti iye ali ndi shuga, akapanda kudya amanjenjemera, ndipo manja ake anayambadi.

Ndinaona aNaphiri akumasula mfundo ina ya chitenje, ija amamangapo kiyi.

Ndinati, "ANaphiri, musayerekeze. Lero ndinu mlendo. Ndalipira."

Anati, "Mlendo pabwalo panga? Anthu akomoke ndi njala pansi pa mango athu, ine ndili khale ndi nsapato m'manja? Mawa ndidzatunga madzi chitsime chiti?"

Anaimirira. Mawondo analira. Anayenda molunjika kukhomo. Kelivini anathamanga kuwatsekereza.

"Agogo! Agogo, ayi! Lamulo lathu, sitilowa m'nyumba za eni!"

ANaphiri analowetsa kiyi. Loko anatseguka. Pakamwa pa Kelivini panatsegukanso, ndipo sipanatsekeke msanga.

Tsopano ena mudzati, nanga iwe bwanji sunawaletse? Inu a ku Chadiza musandifunse zimenezo, mukudziwa. Munthu akakhala pansi pabwalo pako, kaya wabwera ndi njinga, kaya wabwera ndi bodza la Madamu, ndi mlendo wako. Ndipo pakhomo pa Mwale mlendo sadyera masamba okha, aSakala ali pakhonde kuwerenga mbale. Ndinavula jekete. Ndinathamangitsa tambala wanga wofiira kuzungulira nkhokwe, tayi ikuuluka kumbuyo. Azungu anajambula. Amaganiza kuti ndi gawo la ulendo.

ANaphiri anatulutsa mpunga umene timasungira Khirisimasi. Anakoleza moto. Anapita kuchitsime. Akazi a aSakala anabwera kudzathandiza, zikomo kwa iwo, amuna awo anabwera kudzaonerera. Zitapsa, mfumukazi ija ya Madamu inanyamula beseni ndi jagi, inagwada pamaso pa mlendo aliyense kumusambitsa m'manja. Mmodzimmodzi. Pogwada mawondo kulira, podzuka mawondo kulira. Anagwadiranso Kelivini. Kelivini anasamba.

Bambo wa ku Lusaka atadya, manja ataleka kunjenjemera, anatulutsa chikwama kuti alipire. Ndinamuuza kuti abweze msanga asanandikwiyitse, pano si pa lesitilanti. Anachita manyazi, anapepesa, anagwira aNaphiri dzanja ndi manja awiri. Ameneyo ndilibe naye mlandu. Azungu nawo anathokoza mpaka kuwerama. Iwonso ananamizidwa ngati ine.

Koma mverani ichi. Nkhuku ikaphedwa, nthutumba ndi ya mwini nyumba, aliyense amadziwa. Moyo wathu wonse aNaphiri akhala akuiika pambale panga, iwo osalawako. Tsiku limenelo ndinati mumtima, sitima yakanika, mpando wakanika, koma nthutumba iyi ndiwapatsa iwo, pamaso pa anthu onsewa, aSakala aone. Ndinaikankhira pambali m'mbale yaikulu, kudikira kuti amalize kugawa madzi akhale pansi. Ndinangotembenuka kuthamangitsa Jeki. Pobwerera, Kelivini akutafuna, foni kukhutu, akuuza Madamu kuti zonse zayenda bwino kwambiri.

Ndinati, "Iwe, wadya chiyani?"

Anati, "Kanyama kena kolimbalimba, koma kokoma."

Amene anandigwira mkono ndisanamumenye ndi aSakala. Ndinene zoona, pamenepo sanasekenso.

Minibasi inabwera dzuwa litapendeka. Kelivini anatiitana kuti tikwere, akatitule pa boma pamene ulendo umathera. Ndinamufunsa kuti ndikatsika pa boma ndibwererenso kuno ndi chiyani, sitima? Anakwera okha. Njinga yanga inagona ku boma.

Lolemba ndinapita wapansi kukaitenga, ndipo ndinalowa mu ofesi. Madamu atandiona anadzuka pampando wake wozungulira, manja m'mwamba. Ndinaganiza kuti akupepesa. Ayi. Akuti atate, mwatitchukitsa! Ananditembenuzira foni. Chithunzi cha aNaphiri atagwada ndi beseni, opanda nsapato, thukuta kumaso. Akuti anthu ambiri achikonda. Akuti pansi pake alembapo kuti mayi wa kumudzi akulandira alendo athu mwachikhalidwe. Ndani anawapempha aNaphiri kuti awaike pafoni? Palibe.

Ndinafunsa za sitima. Akuti sitima si m'manja mwawo. Ndinati nanga bwanji munandiuza kuti tikwera? Akuti amayembekezera kuti mwina pofika tsikulo zikhala zitatheka. Ndinati nanga ku Chipata timakatani? Akuti amene amawathandiza ndi ndalama amafuna kuona chithunzi cha pa siteshoni, popanda chimenecho thandizo silibwera. Ndiye ife tinali chithunzi. Suti yanga, duku la aNaphiri, chithunzi.

Kenako, anthu inu, anandikokera mpando. Akuti ali ndi ganizo labwino. Poti alendo anakonda kwambiri chakudya cha agogo, bwanji Loweruka lililonse gulu lizithera pakhomo panga? Akuti tikhala abwenzi a bungwe. Akuti andipatsa sikipa yobiriwira.

Mmene ndinayankhira, a mumsika anamva. Funsani ogulitsa tomato.

Madzulo ake ndinapeza aNaphiri atakhala pakhonde, mapazi m'beseni la madzi ofunda, akadali otupa. Nsapato zija anazipukuta n'kuzibwezera m'pepala. Kamwala ka pa njanji kaja anakaika pawindo, pafupi ndi galasi. Ndinawauza zonse za ku ofesi. Anati, "Njanji ndaiona, aMwale. Ndaigwira ndi dzanja. Basi, zakwana."

Kwa iwo zakwana. Kwa ine ayi.

Ndiye a kabungwe inu, mverani, poti ndikudziwa kuti muli pa gulu lino ndipo mukuwerenga. Kuyenda wapansi sindikudana nako. Alendo abwere, aone dziko lathu, ndi lokongola, adye kwa anthu amene mwawapempha ndi ulemu ndipo avomera. Koma sitima ya pachikwangwani ija ifuteni lero, musananamize nkhalamba ina. Chithunzi cha akazi anga chichoke pafoni panu. Ndipo inu anansi athu a ku Zemba ndi a kwa Mlolo, mukaona sikipa yobiriwira ikubwera ndi mzere wa anthu kumbuyo, tsekerani nkhuku.

Ndalama yanga sindikufuna, idyeni. Ndikufuna chimene munandigulitsa. Sitima mwati si m'manja mwanu, chabwino, imeneyo ndi ngongole yanga ndi aNaphiri, ndidzaona ndekha ndisanafe. Koma mpando uli m'manja mwanu. Loweruka likubwerali ndiwakweza pa njinga, ndifika nawo pa ofesi panu, atavala nsapato zawo. Madamu adzadzuka. ANaphiri adzakhala pampando wozungulira uja, ndipo akafuna kuzungulira adzazungulira. Kelivini adzabwera ndi beseni ndi jagi, adzagwada, mawondo ake ndi atsopano. Tambala mugule nokha.

Nthutumba ndikaiyang'anira ndine.